Liu Lakuti "Uncle" Pakamwa pa Apunjabi

 Lero ndikamba za liu limodzi lokha la Cingelezi, liu lalifupi limene mwana amaliphunzira atangoyamba sukulu, ndilo lakuti "uncle". Ife a m'tauni tinalikhotetsa kale, timati ankolo. Koma ndifuna kuti tilione liu limeneli monga amalionera anthu akutali ochedwa Apunjabi, pakuti kwa iwo liuli lakhala ngati cobvala cobwereka, cimene pena cithina ndipo pena cikhwepa.

Dziko la Punjab lili ku mpoto kwa India ndi kum'mawa kwa Pakistan. Dzina lace litanthauza madzi asanu, cifukwa ca mitsinje isanu yothirira minda yao: Jhelum, Chenab, Ravi, Beas ndi Sutlej. Angelezi analanda dzikolo m'caka ca 1849, nalilamulira kufikira 1947, pamene linang'ambidwa pakati, mzinda wa Lahore nugwera ku Pakistan ndi wa Amritsar ku India. Olankhula Cipunjabi aposa 100 miliyoni, ndipo ambiri anamwazikana m'maiko ena. Pa kalembera wa 2021 ku England ndi Wales, anthu okwana ngati 291,000 anati Cipunjabi ndico cinenero cao ceniceni. Kuno kwathu Amwenye ambiri a m'masitolo makolo ao anacokera ku Gujarat, dera lina la cinenero cinanso. Koma asilikari a ndebvu ndi nduwira kumutu, Asikh aja amene Harry Johnston anawaitanitsa ku Nyasaland m'caka ca 1891, anali Apunjabi.

Tsono Mpunjabi akatsegula buku lomasulira mau kuti aone tanthauzo la "uncle", sapeza liu limodzi la kwao ai. Apeza asanu. Mkulu wace wa atate ndiye taya. Mng'ono wace wa atate ndiye chacha. Mlongo wace wa amai, amene ife timati malume kapena atsibweni, ndipo anzathu Abemba amati bayama, iwo amamucha mama. Musaseke: mukamva Mpunjabi alikuitana "mama", amene atembenuke ndi mwamuna wa ndebvu zace. Mwamuna wa azakhali ndiye phuphar, ndipo mwamuna wa mbale wace wa amai ndiye masar. Amuna asanu, ali yense ndi dzina lace ndi mpando wace, ndipo Mngelezi anawalonga onse m'thumba limodzi namanga pakamwa. Mbali ya akazi iteronso: tai, chachi, mami, bhua ndi masi, onsewo Mngelezi angoti "aunt".

Munthu angafunse kuti, Kodi pali kanthu pamenepa? Dzina si dzina basi? Inu ndi ine tidziwa kuti si tero, pakuti tinabadwira m'mbumba. Koma pa Apunjabi zinthu zinakhala cosemphana ndi za Acewa, ndipo apa mpoyenera kucedwapo pang'ono.

Kwa Acewa mwini mbumba ndi malume. Ndiye amaweruza milandu ya ana a mlongo wace, ndiye amamva za maukwati ao, ndipo ufumu ukagwa anthu amayang'ana kwa mwana wa mlongo. Ku Punjab mwana ndi wa kucimuna, monga acitira Angoni. Mkazi akakwatiwa amacoka kwao kukakhala kwa mwamuna, ndipo m'midzi ya alimi ana amuna a bambo mmodzi amakhala bwalo limodzi, nalima munda umodzi wa tirigu, kufikira tsiku limene mundawo ugawidwa. Cotero taya ndi chacha ndi anthu a panyumba, oonana nao tsiku ndi tsiku. Taya amaopedwa, pakuti aposa atate msinkhu, ndipo agogo akamwalira iye ndiye mutu wa banja. Chacha ndiye woseka naye, kawirikawiri mnyamata wosasiyana kwambiri ndi ana zaka, amene amawanyamula paphewa ndi kuwabisira zolakwa zao. Komabe anthu omwewa ndiwo odzagawana nao malire a munda. Apunjabi ali ndi liu lakuti sharik, ndiko kuti wogawana naye, ndipo amalinena za abale a kucimuna. Koma liulo linadzamveka ngati lonena wopikisana naye, pakuti milandu yowawa ya minda ili pakati pa ana a taya ndi ana a chacha. Malamulo a India a 1956 ndi a 2005 anapatsa ana akazi gawo lao pa cuma ca makolo, koma m'midzi yambiri mlongo amasiyira abale ace gawolo kuti cibale cisasweke.

Mama ali ku mudzi wina, kwao kwa amai, kumene Apunjabi amati nanke. Iye alibe gawo pa munda wa atate, cotero alibe cokanganirana ndi mwana wa mlongo wace. Kwa mama ndiko kokadya zonona sukulu ikatsekera, kosamenyedwa, kothawira pamene panyumba pabvuta. Ndipo pa ukwati nchito yace njoonekera kwa onse. Ndiye amadza ndi mphatso za kucikazi zochedwa nanki chhak, ndizo zobvala, zofunda, ziwiya ndi zokometsera za golidi monga mwa kupata kwace. Ndiyenso amabveka mkwatibwi zibangiri zofiira ndi zoyera zochedwa chura, ataziviika m'mkaka wosanganiza ndi madzi. Munthu wina wosakhala wa kucikazi akagwira nchito imeneyo mama ali moyo, alendo onse adziwa kuti m'banjamo muli cilonda.

Pa ukwati womwewo pali mwambo wina umene ine umandikondweretsa, wochedwa milni, ndiko kuti kukomana. A kucimuna akafika, mabanja awiri amaima moyang'anizana, ndipo munthu mmodzi amaitana awiriawiri: atate a mnyamata ndi atate a mtsikana, mama wa uku ndi mama wa uko, chacha ndi chacha mnzace. Amabvekana nkhata za maluwa, nakumbatirana, ndipo anyamata amayesana mphamvu, yense kufuna kunyamula mnzace m'mwamba, anthu ali m'phwete. Tangoganizani woitana uja atapfuula m'Cingelezi kuti, "Uncle abwere!" Kukanyamuka amuna khumi uku ndi khumi uko, osadziwa womkumbatira.

Ici ndico cobvuta coyamba ca Mpunjabi wophunzira Cingelezi. Akanena kuti "my uncle" amamva mumtima ngati sananene kanthu. Cingelezi cili nazo njira zothandizira, koma nzazitali. Anganene "maternal uncle" kapena "my uncle on my mother's side" ponena mama. "Paternal uncle" ponena wa kucimuna. "Uncle by marriage" ponena phuphar kapena masar. Koma kusiyanitsa taya ndi chacha palibe njira yacidule, koma kufotokoza kuti "my father's elder brother" ndi "my father's younger brother". Ndipo Mngelezi womvera amadabwa kuti nanga munthuyu alikundiuziranji zonsezi, pakuti kwa iye sizisintha kanthu.

Cobvuta caciwiri cili pobwerera, ndiko kucotsa nkhani m'Cingelezi kuiika m'Cipunjabi. Womasulira sangalembe liu limeneli asanadziwe magazi a munthuyo. M'buku la Charles Dickens la 1843 lochedwa A Christmas Carol, mnyamata amalowa m'ofesi ya nkhalamba youmira, Scrooge, namucha "uncle". Ali yani kwa iye? Womasulira ayenera kuwerenga mitu ya patsogolo kuti apeze kuti mnyamatayo ndi mwana wa mlongo wace wa Scrooge. Tsono Scrooge ndi mama, ndipo kwa Mpunjabi kuuma mtima kwace kukula kawiri, pakuti mama ndiye woyenera kupatsa. M'sewero la Shakespeare lochedwa Hamlet, "uncle" ndi mbale wace wa atate, amene anapha mbale waceyo natenga ufumu ndi mkazi yemwe. Pamenepo womasulira ayenera kusankha pakati pa taya ndi chacha. Ndipo pali cinanso: m'mabanja a alimi a ku Punjab munali mwambo wakuti mkazi wamasiye alowedwe ndi mbale wa mwamuna wace, kawirikawiri wamng'ono, pomfunditsa nsalu pamaso pa anthu, monga cokolo ca kwathu kuno. Cotero cimene Hamlet anaciyesa conyansa, mlimi wa ku Punjab akadaciyesa cacilendo pang'ono cabe. Kupha kokhako ndiko kukadamuutsa mtima.

Tsopano ndikuuzeni cinthu cimene Angelezi ambiri sacidziwa. Makolo ao nawonso anali kusiyanitsa. M'Cingelezi cakale, zaka 1,000 zapitazo, mlongo wa amai anali eam, ndipo mbale wa atate anali faedera. Inu amene munagwirako nchito ku Joni munamva Mabunu alikuti "oom". Liulo ndi eam ndi a mimba imodzi. Liu lakuti "uncle" ndi mlendo m'Cingelezi. Linadza ndi Cifalansa, Anormani atagonjetsa England m'caka ca 1066, ndipo lioneka m'zolembedwa ca m'ma 1300. Afalansa analitenga ku Cilatini, ku liu lakuti avunculus, ndiko kuti kagogo kakang'ono, ndipo Aroma anali kulinena za malume yekha. Mbale wa atate anali patruus. Tsono liu limene lero limeza amuna asanu linayamba monga dzina la mama. Pang'ono ndi pang'ono linadya anzace, monga nsomba yaikuru m'dziwe.

Nanga Apunjabi anacita nalo ciani liu limeneli litafika kwao? Apa ndipo pali nzeru. Sanataye taya ndi chacha ai. Analandira "uncle", koma analipatsa nchito yina, ndiyo yoitanira mwamuna wamkuru amene si mbale. Kwa Apunjabi, monga kwa ife, mwana sachula dzina la wamkuru; kutero ndi mwano. Kale mnzao wa atate kapena mkuru wa nyumba yoyandikana anali kuchedwa chacha kapena taya, poyesa msinkhu wace ndi wa atate, ndipo m'midzi ateronso lero. Koma m'mizinda, kumene woyandikana naye ndi wa mtundu wina ndi cipembedzo cina, kumucha chacha ndiko kumlowetsa m'nyumba, ndipo kumucha dzina ndiko kumnyoza. Liu la Mngelezi linadzaza malo a pakatiwo. Popeza silinena za magazi, likhoza kupatsidwa kwa wa sitolo, kwa woyendetsa basi, kwa atate a mnzako wa kusukulu. Analiwonjezera kaliu kao ka ulemu, ji, kamene kagwira nchito monga "a" wathu wa pa "abambo", nati "uncle-ji". Anasinthanso malo ace: Mngelezi amati "Uncle John", koma ku India mudzamva "John uncle", cifukwa m'zinenero zao dzina la cibale likhoza kutsata pambuyo pa dzina la munthu.

Cotero liu limodzi lomweli linena zosiyana m'makutu awiri. Mngelezi akamva "uncle" aganiza za mbale. Mpunjabi akamva "uncle" aganiza poyamba za munthu wakunja wolemekezeka. Ndipo mwana wobadwira ku Southall kapena ku Birmingham akapita kukaona abale ku Jalandhar, nafika kwa mlongo weniweni wa amai ace namucha "uncle", mkuruyo adzamwetulira, koma mumtima adzamva kuti waikidwa pamodzi ndi wa sitolo. Ine ndiyesa kuti mwanayo alibe mlandu. Mlandu ngwa akuru amene sanamphunzitse. Cibale ndi pfupa, siciola, koma mwana sangalidziwe pfupa limene sanauzidwe dzina lace.

Pali ngozi yina ya mbali yaciwiri. Mpunjabi wofika catsopano ku England akamucha Mngelezi wacikulire wosamdziwa "uncle", pofuna kumlemekeza, Mngeleziyo adzamuyang'ana modabwa, kapena kuyesa kuti alikumseka. Kumeneko amati "Mr" ndi dzina la makolo, kapena "sir", ngakhale kuti ana ang'ono amaloledwa kumucha "uncle" bwenzi la pamtima la atate ao. Ndipo ku India komwe liuli lili ndi mbola yace. Mwamuna wa zaka 30 amene mtsikana wamucha "uncle" m'basi amafika kunyumba nayamba kufuna imvi pa kalilole.

Tsopano tione matanthauzo ena amene Angelezi ndi Amereka analikundikira liuli, pakuti wophunzira adzakomana nao m'manyuzipepala. "Uncle Sam" si munthu ai, koma Boma la United States, ndipo malemba oyamba a mau awiriwo ndiwo U ndi S. Amamjambula ngati nkhalamba yowonda ya cipewa cacitali, yoloza cala. Cithunzi cochuka ndi ca James Montgomery Flagg ca 1917, coitanira anyamata ku nkhondo. Mlembi wina wobadwira ku Punjab, Saadat Hasan Manto, amene anali kulemba m'Ciurdu, analembera "Uncle Sam" makalata a cipongwe ali ku Lahore pakati pa 1951 ndi 1954. Nayenso anayenera kusankha, ndipo anamucha Chacha Sam. Akadati taya sakadatha kumseka. Akadati mama akadamkonda koposa. Chacha ndiye mbale amene ukhoza kumpempha ndalama ndi kumnyodola pa mpweya umodzi. Dzina lomweli ana a ku India anampatsa Jawaharlal Nehru, nduna yao yaikuru yoyamba, koma iwo mwacikondi: Chacha Nehru.

Mau akuti "Bob's your uncle" Angelezi amawanena pamene nchito yatha mosabvuta, monga ife tinganene kuti "basi, zatheka". Anthu amakonda kufotokoza kuti mauwa anayamba m'caka ca 1887, pamene Lord Salisbury, amene dzina lace linali Robert, ndiko Bob, anapatsa Arthur Balfour udindo waukuru woyang'anira Ireland. Salisbury ameneyu ndiye uja dzina lace linapatsidwa kwa mzinda umene lero ndi Harare, ndipo Balfour anali mwana wa mlongo wace. Mcewa ndi Mpunjabi akamva nkhaniyi angogwedeza mutu: malume wagwira nchito yace. "Dutch uncle" ndi munthu wokudzudzula kolimba osakunyengerera, amene Mpunjabi angamuyese taya. Ku Amereka ana akamalimbana, wogonja amauzidwa kuti "say uncle", ndiko kuti bvomera kuti wagonja. M'cinenero ca m'misewu ya London ya kale, "uncle" anali munthu wokongoza ndalama atalandira cikole. Wosauka akati wochi yace ili kwa "uncle" anali kunena kuti anaipinyolitsa. Apunjabi nawonso ali ndi nthabwala yotere, pakuti anyamata ao amawacha apolisi mama.

Limodzi lokha ndilo loti mucenjere nalo, ndilo "Uncle Tom". Lichokera m'buku la Harriet Beecher Stowe la 1852, Uncle Tom's Cabin, lonena za kapolo wokhulupirika ndi wopirira. Masiku a ukapolo ndi pambuyo pace, Azungu a kumwera kwa United States anali kuwacha amuna akuda okalamba "uncle" kuti apewe kuwacha "Mister". Unali ulemu wa pakamwa wobisa cipongwe. Lero kumucha munthu wakuda wa ku Amereka "Uncle Tom" ndiko kumnena kuti ndi wogwadira Azungu, wogulitsa anzace, ndipo ndi citonzo coutsa ndeu. Cifukwa ca mbiri yomweyi mpunga wogulitsidwa m'mapaketi umene unali kuchedwa Uncle Ben's unasinthidwa dzina m'caka ca 2020, nukhala Ben's Original. Mpunjabi wozolowera kupatsa "uncle" kwa wamkuru ali yense ayenera kudziwa kuti pali dziko limene liulo linagwira nchito yocepsa munthu.

Koma malo amene liuli libvuta koposa ndi m'maofesi, pamene kalaliki ali ndi pepala ndi colembera m'manja. Tiyerekeze kuti mnyamata wa Cipunjabi wagonekedwa m'cipatala ku dziko la eni, ndipo mwamuna wina wadza kudzamuona. Namwino afunsa kuti, "Ameneyu ndani wanu?" Mnyamata ayankha kuti, "My uncle." Namwino alemba kuti ndi mbale, nayamba kumuuza za matenda, ngakhale kumfunsa zoti acite. Cikhalireco munthuyo ndi mwini nyumba imene mnyamata acita lendi, kapena wa mudzi umodzi ndi atate ace. Mnyamata sananame ai. Wanena zoona m'Cingelezi ca kwao, ndipo namwino wamva zina m'Cingelezi ca kwace. Zoterezi zikacitika pa bwalo la milandu, kapena pa ofesi yoona za olowa m'dziko, munthu akhoza kuyesedwa wabodza, pakuti dzulo anati alibe mbale m'dzikomo ndipo lero alikuchula "uncle". Inu a m'migodi mudziwa zimene ndilikunena, pakuti mwaonapo cipukuta misozi cikucedwa cifukwa pa pepala panalembedwa "brother" kapena "uncle", ndipo ofika kudzalandira ali atatu. Safunsa anadya phula. Womasulira wabwino pa malo otere salola liulo kupita lokha; amaima nafunsa kuti, Wa kucimuna kodi, kapena wa kucikazi? Wa magazi, kapena wa ulemu cabe?

Apunjabi ambiri okhala ku Britain ndi ku Canada anapeza njira yao. Polankhula Cingelezi pakati pao sasintha maina a abale. Amati "my chacha", "my mama-ji", "my masi", nasiya "uncle" ndi "auntie" kwa a kunja kwa banja. Polankhula ndi kalaliki amasiya "uncle" konse, nanena mau atali aja: "my mother's brother", kapena "my father's friend". Pepala limatenga mzere umodzi woonjezera, koma wolandira mthenga usiku amakhala mwini wace.

Nthawi yanga yatha. Gonani bwino, ndi inu olowa usiku muyende bwino.